René Descartes, mwana wachifuwa yemwe adatisiyira mizere ya pakhadi la sikelo

Tsegulani kabuku ka kuchipatala ka mwana wanu, patsamba lija alangizi a zaumoyo amaikapo kadontho mwezi ndi mwezi mukapita kusikelo. M'munsi mwa tsambalo, kuchoka kumanzere kupita kumanja, mudalembedwa miyezi ya mwana. M'mbali, kuchoka pansi kukwera m'mwamba, mudalembedwa makilogalamu. Kadontho kalikonse kamanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: mwanayu ali ndi miyezi yakuti, ndipo akulemera mwakuti. Ngati muli ndi mwana wina kusekondale, tsegulaninso kope lake la masamu. Mupezamo mizere iwiri yodutsana ngati mtanda, wina wa x, wina wa y, ndi tizithunzi ta makona atatu tomwe aphunzitsi amuuza kuti atizungulitse. Masamba awiriwa ndi apachibale. Aphunzitsi amatchula tsamba la mizere yodutsanali kuti Cartesian plane, ndipo dzinali lidachokera kwa munthu, René Descartes, yemwe m'Chilatini ankalembedwa kuti Cartesius.

Kusukulu amamutchula ngati katswiri wa masamu basi. Mwini wakeyo mtima wake udali kwambiri pa thupi la munthu ndi matenda, ndipo ankakhulupirira kuti adzapeza njira zochizira anthu kuti azikhala ndi moyo wautali. Pamenepo adalephera, ndipo adaika m'manda mwana wake wazaka zisanu. Chomwe chikutithandiza m'zipatala lero ndi masamu ake aja.

Adabadwa pa 31 Malichi 1596 m'tauni yaing'ono ya La Haye m'dziko la France. Bambo ake, a Joachim, adali mmodzi mwa akuluakulu a bwalo la milandu mumzinda wa Rennes, ntchito yomwe inkawasowetsa pakhomo miyezi yambiri pachaka. Mayi ake, a Jeanne Brochard, adamwalira mu Meyi 1597, patangopita masiku ochepa atabereka mwana wina, yemwenso sadakhale moyo. Werengani miyeziyo: kuchoka tsiku lomwe René adabadwa kufika pa uchembere wotsatirawo sipadathe miyezi 14. Inu amene mumayenda m'makomo kuphunzitsa zakulera mukudziwa kuti lero timalangiza mayi kudikira zaka ziwiri asadatengenso pathupi pena. René adaleredwa ndi agogo ake akuchikazi pamodzi ndi mayi wina yemwe ankamuyamwitsa.

Adakula ali wofooka. Atakula adalemba m'kalata kuti adali ndi chifuwa chouma ndi khungu lotuwa mpaka atapitirira zaka 20, ndipo madokotala omwe ankamuona ankati safika patali. Ali ndi zaka pafupifupi 11 adamutumiza kusukulu yogonera konko ya ansembe a chipani cha Jesuit ku La Flèche. Olemba mbiri yake akale amati chifukwa cha kufookako ansembewo adamulola kuti azidzuka mochedwa anzake atapita kale m'kalasi. Khalidwe logona mpaka dzuwa litakwera, n'kumasinkhasinkha ali pabedi, adakhala nalo moyo wake wonse. Musaliiwale khalidwe limeneli, tidzalipezanso pa imfa yake.

Mu 1616 adatenga digiri ya zamalamulo ku Poitiers monga bambo ake ankafunira, koma ntchito yauloya sadaigwirepo. Mu 1618 adapita ku Netherlands kukalowa usilikali mumzinda wa Breda. Kumeneko adakumana ndi Isaac Beeckman, munthu wophunzira zaudokotala yemwenso ankakonda masamu, ndipo iyeyu ndi amene adadzutsa mnyamatayo kuti ayambe kufunsa ngati zinthu zachilengedwe, monga kugwa kwa mwala ndi kuyenda kwa madzi, zingafotokozeredwe ndi nambala. Usiku wa pa 10 Novembala 1619, ali ku Germany m'chipinda chofunda ndi mbaula nyengo yozizira, adalota maloto atatu omwe adawamasulira kuti ntchito ya moyo wake ndi kufunafuna njira imodzi yodalirika yodziwira zoona m'maphunziro onse. Adayendayenda zaka zingapo, kenaka cha m'ma 1628 adakakhazikika ku Netherlands, komwe adakhala zaka pafupifupi 20. Ankasamukasamuka, ndipo adiresi yake ankaibisa kuti alendo asamusokoneze.

Pali nthano yomwe aphunzitsi amakonda kuuza ana. Amati tsiku lina ali chigonere pabedi adaona ntchentche ikuyenda kudenga, ndipo adadzifunsa kuti angamuuze bwanji munthu wina pomwe ntchentcheyo ili popanda kuloza ndi chala. Yankho lidali loti ayeze kutalika kwake kuchoka kukhoma limodzi, ayezenso kuchoka kukhoma linalo. M'zolemba zake mulibe ntchentche imeneyi, ndi nkhani yomwe anthu adapeka pambuyo pake. Komabe imaphunzitsa bwino, chifukwa mfundo yake ndi yomweyo: malo alionse patsamba mungawatchule ndi nambala ziwiri, bola mugwirizane poyambira kuwerenga.

Asadafike potulutsa mfundo imeneyi adagwidwa ndi mantha. Adali atalemba buku lofotokoza za chilengedwe, lotchedwa Le Monde, momwe ankaphunzitsa kuti dziko lapansi limazungulira dzuwa. Mu 1633 adamva kuti Galileo waweruzidwa ndi bwalo la mpingo ku Rome chifukwa cha chiphunzitso chomwecho. Descartes, yemwe adali Mkatolika mpaka imfa yake, adalibweza bukulo m'bokosi, ndipo lidasindikizidwa iye atamwalira kale. Ena amamunena kuti adali wamantha. Ine sindimuweruza msanga, poti m'masiku amenewo munthu ankatha kuotchedwa chifukwa cha zolemba.

Mu 1637 mumzinda wa Leiden mudatuluka buku lake lotchedwa Discours de la méthode. Silidalembedwe dzina la mlembi, ndipo adalilemba m'Chifalansa m'malo mwa Chilatini cha anthu ophunzira, kuti ndi anthu wamba omwe aliwerenge. M'menemo ndi momwe muli mfundo yake yotchuka yoti munthu angakayike zonse, koma sangakayike kuti iye wokayikayo alipo. Kumapeto kwa bukulo adaikako nkhani zitatu zosonyeza njira yake ikugwira ntchito: ya kuwala ndi maso, ya zanyengo, ndi ya masamu yotchedwa La Géométrie. M'nkhani yachitatuyi adaonetsa kuti mzere wojambulidwa, wowongoka kapena wokhota, ungalembedwe ngati samu ya zilembo, ndipo samu ya zilembo ingajambulidwe ngati mzere. Chizolowezi chogwiritsa ntchito x, y ndi z pa nambala zomwe tikuzifunafuna, ndi a, b ndi c pa zomwe tikuzidziwa kale, chidafala kuchokera m'buku limeneli.

Tinene chilungamo pano. Mtanda wa mizere iwiri womwe uli m'kope la mwana wanu mulibe m'buku la Descartes momwe timaujambulira lero. Iye ankayambira pa mzere umodzi, n'kumayeza kuchoka pamenepo, nthawi zambiri mopendekeka, ndipo nambala zochepera ziro sankazikonda. Komanso sadali yekha: loya wina wa ku France komweko, Pierre de Fermat, adatulukira njira yofanana nthawi yomweyo payekha, ndipo awiriwa adakanganapo kwambiri m'makalata. Buku la Descartes lidali lovuta kulimva, mwina mwadala. Yemwe adalitsegulira anthu ndi Frans van Schooten wa ku Leiden, amene adalimasulira m'Chilatini mu 1649 n'kuwonjezera zofotokozera. Isaac Newton ali mnyamata ku Cambridge adaphunzira m'buku lomasuliridwalo. Pang'onopang'ono mibadwo yotsatira idawongola mizere ija n'kuika nambala za mainasi kumanzere ndi kumunsi.

Tsopano tiyeni tizungulitse kadontho, chifukwa apa ndi pomwe ana ambiri amakomokera ndipo makolo amangoti funsa aphunzitsi ako.

Ganizani za mbuzi yomangirira pachikhomo pabwalo. Chikhomocho ndi mphambano pomwe mizere iwiri ija ikudutsana, ndipo nambala zake ndi (0, 0). Nambala yoyamba imanena mapazi opita kumanja, ndipo ikakhala ya mainasi ndiye kuti ndi kumanzere. Yachiwiri imanena mapazi opita kutsogolo, komwe patsamba ndi m'mwamba, ndipo ikakhala ya mainasi ndiye kuti ndi kumbuyo. Mbuzi yathu yakoka chingwe mpaka chalimba, ndipo yaima mapazi anayi kumanja kwa chikhomo, mapazi atatu kutsogolo. Ili pa (4, 3). Mukayeza chingwecho mupeza mapazi asanu.

Kuzungulira konse mpaka kubwerera pomwe idayambira ndi madigiri 360. Mbuziyo iyende gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendowo, madigiri 90, chingwe chili cholimbabe. Iyende mosemphana ndi momwe mivi ya wotchi imayendera, pakuti kumeneko ndi komwe a masamu adagwirizana kuti kukhale kutsogolo powerenga madigiri. Mukaima pa Clock Tower mu Mzuzu muno n'kuyang'ana galimoto paraundabauti, zimazungulira motsatira mivi ya wotchi popeza kuno timayenda kumanzere kwa msewu. Mbuzi yathu ikuyenda mosemphana ndi galimotozo. Ikaima, mapazi anayi aja omwe adaloza kumanja tsopano akuloza kutsogolo, ndipo atatu aja omwe adaloza kutsogolo akuloza kumanzere. Ili pa (-3, 4). Lamulo lonse ndi limeneli: nambala ziwirizo zisinthane malo, ndipo yomwe yabwera poyamba isinthe chizindikiro, ya pulasi ikhale ya mainasi, ya mainasi ikhale ya pulasi.

Chitaninso chimodzimodzi pa (-3, 4) ndipo mupeza (-4, -3). Apa mbuzi yayenda theka la ulendo, madigiri 180, ndipo ili tsidya lina la chikhomo. Onani kuti poyerekeza ndi (4, 3) pomwe idayambira, nambala zabwerera m'malo mwake koma zonse ziwiri zasintha chizindikiro. Kachitatu ifika pa (3, -4), kachinayi ibwerera pa (4, 3). Paulendo wonsewu chingwe chakhalabe mapazi asanu, ndipo chikhomo sichidasunthe. Mwana akapatsidwa chithunzi cha makona atatu kuti achizungulitse, achite zomwezi pa kona iliyonse payokha, kenaka alumikize timadontho titatu tatsopanoto. Chithunzi chatsopanocho chiyenera kufanana ndi chakale kukula kwake ndi maonekedwe ake, kusiyana kwake n'koti chayang'ana kwina. Chikatuluka chachikulu kapena chopindika, pali kona yomwe yalakwika. Njira yachidule yotsimikizira ndi kutembenuza kope lenilenilo patebulo, chala chili pamphambano.

Kuzungulitsa ndi madigiri ena, monga 30 kapena 47, kumafuna sine ndi cosine, zomwe ana amaphunzira m'makalasi apamwamba. Malamulo ake adalembedwa momveka bwino ndi Leonhard Euler m'buku lake la mu 1748, patatha zaka pafupifupi 100 Descartes atamwalira. Koma popanda kupatsa kadontho nambala ziwiri sipakadakhala choti n'kuwerengera.

Mwina mukuti zimenezi n'za mayeso a MSCE basi. Bwererani kukhadi la sikelo lija. Mukudziwa kale momwe timaliwerengera: mzere wolumikiza timadontho ukamakwera, mwana akukula, ukagona chopingasa, mwana waima ndipo tifufuze chifukwa chake, ukamatsika, mwana ali pangozi ndipo aonedwe kuchipatala msanga. Tsono taganizani kuti mlangizi wakhala patebulo, kabuku kayang'ana kwa iye, ndipo mayi wakhala kumbali ya tebulo cha kumanzere kwa mlangiziyo. M'maso mwa mayiyu tsamba lija lazungulira madigiri 90. Mzere womwe wapita mabokosi anayi kumanja n'kutsika bokosi limodzi, (4, -1), mwa lamulo lathu lija usanduka (1, 4). Kwa mayi ukuoneka ngati ukukwera phiri. Mlangizi akunena kuti mwana watsika sikelo, maso a mayi akuona mzere wokwera, ndipo mwaulemu angovomera n'kubwerera kunyumba asadakhutire. Mayi akakhala moyang'anizana ndi mlangizi, tsamba lazungulira madigiri 180, ndipo kadontho ka mwezi uno ka mwana yemwe akukula bwino kamaoneka kumunsi, cha kumanzere kwake. Mankhwala ake ndi osavuta. Khalani phewa ndi phewa ndi mayiyo, kapena tembenuzani kabuku kayang'ane kwa iye, mumuonetse kaye komwe kuli miyezi ndi komwe kuli makilogalamu musadaloze mzere. Inunso makolo, musachite manyazi kupempha kuti akutembenuzireni.

Khadi la mtundu umenewu lidafalitsidwa ndi dokotala wa ana David Morley, yemwe adaliyesa m'mudzi wa Imesi-Ile ku Nigeria kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo mizere yoyerekezera yomwe mayiko ambiri amatsata lero idatulutsidwa ndi bungwe la WHO mu 2006. Pepala lomwe azamba amalembapo momwe njira ya mwana ikutsegukira ola ndi ola mayi ali m'matenda ndi la banja lomweli, ndipo mizere yake yochenjeza idakonzedwa kufupi konkuno, mumzinda womwe lero ndi Harare, mu 1972.

Descartes mwiniwake adakumana ndi kuzungulira kwa madigiri 180 m'diso. Ali ku Amsterdam adakhalapo mumsewu wa Kalverstraat, kufupi ndi ogulitsa nyama, ndipo nyengo ina yozizira ankapita pafupifupi tsiku lililonse kukaonerera akupha ng'ombe, n'kutenga ziwalo zina kukazitumbula kunyumba. M'nkhani yake ya kuwala ndi maso adafotokoza zoti munthu atenge diso la ng'ombe yongophedwa kumene, asende mosamala zikopa zakumbuyo kwake, aphimbepo ndi pepala lopyapyala loyera, aliike pabowo la zenera m'chipinda chamdima. Papepalapo pamaoneka chithunzi cha zinthu zakunja, koma chozondoka: zam'mwamba zili pansi, zakumanja zili kumanzere. Mwa nambala zathu zija, (4, 3) wasanduka (-4, -3). Woyamba kufotokoza kuti chithunzi chimagwa chozondoka kumbuyo kwa diso adali Johannes Kepler mu 1604, koma chojambula cha m'buku la Descartes ndi chomwe chidafala. Panopa m'maso mwanu tsamba lino lagwa chozondoka, ndipo ubongo wanu udazolowera kuliwerenga momwemo.

Ine ndidaziona ndekha tsiku langa loyamba pa maikulosikopu kukoleji. Ndidakankhira kagalasi ka magazi kumanja kuti ndione bwino kachinthu komwe kadali m'mphepete, kachinthuko n'kuthawira kumanzere. Ndidakankhira kutsogolo, iko n'kubwerera kumbuyo. Ndidaganiza kuti makinawo ndi owonongeka. Magalasi a makinawo amazondotsa chithunzi monga momwe diso limachitira, ndipo anzathu a m'labu omwe amafufuza tizilombo ta malungo ndi ta TB manja awo adazolowera kuyenda mosemphana ndi zomwe maso akuona.

Pa zathupi zina Descartes adalondola, pa zina adaphonya kutali. William Harvey wa ku England atalemba mu 1628 kuti magazi amazungulira m'thupi, madokotala ambiri adakana, koma Descartes adavomereza ndipo adathandiza kufalitsa mfundoyo. Komabe adatsutsa Harvey pa chomwe chimayendetsa magaziwo. Harvey ankati mtima ndi mnofu womwe umafinya n'kupopa, zomwe ndi zoona. Descartes ankati mumtima muli kutentha komwe kumafufumitsa magazi ngati mkaka wowira. Adafotokoza bwino momwe phazi limathawira moto munthu asadaganize n'komwe, ngakhale ankaganiza kuti m'mitsempha mumayenda kampweya. Ankati mzimu umakumana ndi thupi m'kachiwalo kakang'ono ka pakati pa ubongo kotchedwa pineal, komwe lero tikudziwa kuti kamatulutsa melatonin, mchere wa m'thupi wothandiza pa tulo. Ankaphunzitsanso kuti nyama ndi makina chabe opanda maganizo, ndipo chiphunzitso chimenechi chidapatsa anthu ena chifukwa chozunzira nyama. Vuto lake lalikulu, mwa kuona kwanga, lidali kudalira kwambiri zomwe wazilingalira pabedi kuposa zomwe angaziyeze mobwerezabwereza. Odwala sachira ndi mfundo yomveka bwino m'mutu.

Komabe cholinga chake chidali chabwino. M'gawo lomaliza la Discours adalemba kuti thanzi ndi chinthu choyamba pa zabwino zonse za moyo uno, ndipo adalonjeza kuthera masiku ake otsala pofufuza zomwe zingapatse madokotala malamulo odalirika kuposa omwe adali nawo. M'kalata ina ya nthawi yomweyo adaonetsa chiyembekezo choti angakhale ndi moyo zaka zoposa 100.

Descartes sadakwatire, koma adali ndi mwana. Mayi wa mwanayo adali Helena Jans, wantchito wa m'nyumba yomwe ankakhala ku Amsterdam. Mwanayo, Francine, adabadwa mu Julaye 1635 ku Deventer. Kwa anthu ena Descartes ankamutchula kuti ndi mdzukulu wake wa kwa m'bale, koma m'kaundula wa ubatizo adalembedwa ngati bambo, ndipo adakonza zoti mwanayo ndi mayi ake azikhala naye pafupi. Adali akukonza zomutumiza ku France kukaphunzira pomwe mwanayo adadwala matenda otchedwa scarlet fever, a zilonda zapakhosi, kutentha thupi ndi totupa tofiira pakhungu. Adamwalira pa 7 Sepitembala 1640 ku Amersfoort ali ndi zaka zisanu. Patangotha mwezi umodzi bambo ake a Descartes nawonso adamwalira. Wolemba mbiri yake wina wakale adati imfa ya Francine ndi yomwe idamupweteka kuposa china chilichonse pamoyo wake.

Matendawa amayamba ndi mabakiteriya otchedwa streptococcus, omwe lero amagonja ndi penisilini, mankhwala omwe adayamba kugwiritsidwa ntchito patatha zaka 300 Francine atamwalira. Mabakiteriya omwewa, zilonda zapakhosi zikapanda kuchizidwa, amatha kuyambitsa matenda owononga zitseko za mumtima mwa mwana, omwe timawaonabe m'zipatala zathu. Mwana akamadandaula pakhosi ndipo thupi latentha, musangomupatsa panado n'kudikira.

Zaka zotsatira adalemba mabuku ena a nzeru zakuya, adakangana ndi akuluakulu a zaumulungu ku Utrecht ndi ku Leiden, ndipo kuyambira 1643 ankalemberana makalata ndi mwana wamkazi wa mfumu, Elisabeth wa ku Bohemia. Mayiyu adamufunsa funso lomwe sadathe kuliyankha mokhutiritsa: ngati mzimu ulibe thupi, umakankha bwanji dzanja kuti liyende? M'makalata omwewo ankamulangizanso za kudwaladwala kwake ndi nkhawa, ndipo adazindikira kuti chisoni chokhalitsa chimafooketsa thupi.

Mu 1649 mfumukazi Christina ya ku Sweden, yomwe idali ndi zaka 22, idamuitana kuti akaiphunzitse. Adazengereza, kenaka adapita, ndipo adafika ku Stockholm mu Okutobala. Ankakhala kunyumba ya kazembe wa France, mnzake Pierre Chanut. Mfumukaziyo idasankha kuti maphunziro aziyamba 5 koloko m'mawa. Kuzizira kwa Mzuzu mu Juni, kuja timati kwalowa m'mafupa, n'kwamasewera poyerekeza ndi Stockholm mu Januwale, komwe madzi amauma kukhala mwala ndipo dzuwa limatuluka maola ochepa. Munthu yemwe moyo wake wonse adazolowera kudzuka dzuwa litakwera tsopano ankatuluka mumdima kupita kunyumba yachifumu. Chanut adadwala chibayo, Descartes adamudwazika, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale iyenso adagwa nacho.

Anthu amakonda kunena kuti adaphedwa ndi kuzizira. Chibayo chimayamba ndi tizilombo tolowa m'mapapo, ndipo munthuyu adali atakhala masiku ambiri pafupi ndi wodwala. Kuzizira ndi kusagona mokwanira zimangofooketsa thupi, komanso nyengo yozizira anthu amathithikana m'nyumba zotseka momwe tizilombo timafalikira mosavuta. N'chifukwa chake kwa mwana juzi yokha siyokwanira: katemera wa chibayo, yemwe adayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2011, ndi wofunika, ndipo mwana wachifuwa yemwe akupuma mofulumira, ka 50 kapena kuposa pamphindi ngati ali ndi miyezi iwiri mpaka 11, ka 40 kapena kuposa ngati ali ndi chaka chimodzi mpaka zisanu, kapena yemwe m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati akamakoka mpweya, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Madokotala a nthawi ya Descartes chithandizo chawo chachikulu chidali kucheka mtsempha kuti magazi ena atuluke. Masiku oyamba adakana, ndipo pamenepo adalondola, chifukwa kuchotsa magazi kwa munthu wachibayo kumangomufooketsa. Atafooka kwambiri adalola. Adamwalira pa 11 Febuluwale 1650 ali ndi zaka 53, theka chabe la zaka zomwe ankayembekezera.

Patatha zaka zoposa 300, masamu ake adalowa m'chipatala mwa njira yomwe sakadailota. Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg mu 1924, ankathandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1956 pomwe adayamba kudzifunsa ngati n'zotheka kudziwa zam'kati mwa thupi powunika ndi X-ray kuchokera mbali zambiri. Adasindikiza masamu ake mu 1963 ndi 1964, anthu osawalabadira. Godfrey Hounsfield wa ku England adapanga makina otere payekha, ndipo wodwala woyamba adajambulidwa ku London mu 1971. Awiriwa adalandira mphotho ya Nobel mu 1979. Amenewa ndi makina a CT scan. Wodwala amagona pakati, pamphambano paja, ndipo chotulutsa X-ray chimamuzungulira ngati mbuzi pachingwe, n'kumayeza pa digiri iliyonse. Kompyuta imatenga miyeso yonseyo, kuibweza pa mizere iwiri ya x ndi y, n'kupatsa kadontho kalikonse ka m'mutu kapena m'mimba mtundu wake, woyera, wotuwa kapena wakuda. Dokotala akaona magazi omwe aundana muubongo wa munthu wochita ngozi ya kabaza, chithunzicho chapangidwa motero.

Popeza adali Mkatolika m'dziko la mpingo wa Lutheran, Descartes adaikidwa ku Stockholm m'manda omwe ankaikamo ana amasiye ndi ana omwalira asadabatizidwe. Mu 1663 mpingo wake udaika mabuku ake pamndandanda wa mabuku oletsedwa. Mu 1666 mafupa ake adafukulidwa kupita nawo ku France, ndipo atawasamutsa kangapo, kuyambira 1819 ali m'tchalitchi cha Saint-Germain-des-Prés ku Paris. Tauni ya La Haye komwe adabadwira lero imatchedwa Descartes. Chigaza chake sichidapite limodzi ndi mafupa enawo. Chidatsalira ku Sweden, chidadutsa m'manja mwa anthu angapo omwe ena adalembapo maina awo, chidagulitsidwapo pamsika, ndipo chomwe chimadziwika kuti ndi chakecho chikusungidwa ku Musée de l'Homme mumzinda wa Paris.